Galu Amene Sikelo Anasiya pa Unyolo

Mzungu uja tinkamutcha Sikelo, chifukwa ntchito yake inali kuyeza mpunga wathu pa depoti ya kufupi ndi Chia, ndipo sikelo yakeyo sinalakweko n'kamodzi komwe mokomera mlimi. Ponyamuka kubwerera kwawo, m'zaka zija za chitaganya, anapakira zonse. Mipando, mbale, makatani, ngakhale misomali imene ankakolekapo majekete anaizula. Chimene anaiwala, ngati kunalidi kuiwala, ndi galu wake, amene anamusiya pa unyolo patsinde pa mtengo wa mango kuseri kwa depotiyo.

Ine ndine Tabitha, amake Filipo. Nthawi imeneyo mwamuna wanga anali atamwalira, Filipo ali kuntchito ku Halale, pakhomo ndili ndekha ndi nkhuku zanga. Ku depoti ndinapita kukathandiza mlongo wanga wamng'ono, Stefano, kunyamula katundu wake, poti iye ndiye anali khukhi wa Sikelo ndipo ntchito inathera pomwepo. Tikumanga mitolo ndinamva chitsulo chikukwekwerezeka pansi kuseri kwa nyumba.

"Kuli chiyani kuseriko?" ndinamufunsa.

"Musapiteko, achemwali. Kuli galu wa bwana. Amadya munthu ameneyo."

"Nanga iye akudya chiyani?"

Stefano anayang'ana kumbali n'kuyamba kumanganso mtolo umene anali atamanga kale. Ine ndinapita kuseriko.

Anali galu wamkulu ngati thole, wakuda pamsana, makutu osongoka, koma nthiti zonse zili poyera. Mozungulira mtengowo anali atakumba kanjira ndi mapazi ake, kofika pamene unyolo unkathera. Mbale yake yamadzi inali itagudubuka, youma gwa. Unyolo unali utalowa m'khosi, ntchentche zili mbwee pabalapo. Atandiona anayesa kudzuka kuti andiuwe, koma mawu anakana, ndipo anangondionetsa mano ali chigonere.

Ndinapsa mtima mpaka makutu kunditentha. Munthu wazula misomali kuti isatsale, koma chamoyo wachisiya kuti chizifa pang'onopang'ono padzuwa la ku Kotakota! Ndipo anthu athu omwe, amuna andevu zawo, ankangodutsa chapatali n'kumati ndi galu wa mzungu, ngati kuti mzunguyo atulukira m'tchire n'kuwafunsa chifukwa chimene amupatsira madzi. Ndinathira madzi m'phale n'kumukankhira ndi nsungwi. Anamwa maso ali pa ine, akunjenjemera thupi lonse.

"Ndikumutenga," ndinatero.

"Achemwali, mutu wanu ukugwira?"

"Ukugwira kuposa wa bwana wako. Kabwereke tchizulo ndi hamala."

Tinamuphimba kumaso ndi epuloni ya Stefano, n'kudula unyolowo. Mphamvu zoti n'kutiluma analibe. Tinamugoneka pachitseko chakale n'kumunyamula mpaka kumudzi, anthu m'njira akufa ndi chikhakhali, ati kale tinkanyamula azungu pamachira, lero tayamba kunyamula agalu awo. Sabata imeneyo nkhani pachitsime inali ine ndekha. Choncho galuyo ndinamupatsa dzina loti Adzatopa, ndipo m'mawa uliwonse ndinkamuitana mokweza kuti amiseche amve bwinobwino.

Atapeza mphamvu m'pamene ndinadziwa chimene ndabweretsa pakhomo. Anasankha kukhala kunsi kwa nkhokwe, ndipo kuyambira pamenepo nkhokweyo inasanduka yake. Kuti nditape mpunga wanga womwe ndinkachita kumunyengerera ndi mutu wa mlamba. Nkhuku sankaidziwa kuti n'chiyani. Tambala atalira pafupi naye galuyo anadzikodzera, m'mawa mwake anapha thadzi langa loikira, osalidya n'komwe. Agalu a m'mudzi akabwera kudzamununkhiza monga achitira agalu, iye ankayesa nkhondo. Akaona thumba ndiye ankapenga zenizeni, thovu kukamwa, ubweya wa pamsana uli njo. Tangoganizani, m'mudzi wa alimi a mpunga, mmene thumba limapezeka pakhonde lililonse.

Koma chimene chinkandidula mtima si zimenezo. Unyolo tinadula, iye osadziwa. Akatuluka kunsi kwa nkhokwe ankangoizungulira, ndipo akafika pamene unyolo ukanathera ankaima mwadzidzidzi ngati wina wamukoka. Bwalo lonse linali lake, koma posakhalitsa anali atakumbanso kanjira kake kozungulira.

Oyandikana nane nyumba anali a Mohamedi, msodzi wachikulire. Tinakhala bwino zaka zambiri, iwo ndi mzikiti wawo, ine ndi tchalitchi changa, mchere tikupatsana. Lachisanu lina akudutsa pabwalo panga atavala mkanjo woyera, atanyamula kathumba kampunga kokapatsa mnzawo kumzikiti, Adzatopa anaiwala za kanjira kake. Analumpha n'kugwira mkanjowo m'munsi, n'kuung'amba mpaka m'bondo.

"Amake Filipo! Taonani chimene chilombo chanu chachita!" anakuwa. "Ndikalowa bwanji mumzikiti ndi malovu a galu? Najisi imeneyi, chodetsa chimene sindingapemphere nacho!"

Ndinagwada n'kupepesa, ndipo kupepesako kunachokera pansi pa mtima, chifukwa bamboyo sanalakwe kanthu.

"Mupheni," anatero akupuma mwawefuwefu. "Apo ayi mubwezereni kwa mwini wake."

"Mwini wake ali m'sitima, bambo. Mukandibwereka bwato lanu ndimulondola."

Sanaseke. Anatha milungu osandiyankha moni. Mkanjowo ndinausoka ndekha, kenaka ndinadula bango n'kumanga mpanda kuzungulira nkhokwe ndi khitchini, kuti galu akhale kwake, anthu akhale kwawo.

Chimene chinandikwana chinachitika wansembe wachizungu wa ku mishoni atabwera kudzachita Misa m'mudzi mwathu. Atamaliza anati adutse pakhomo panga adzandilonjere monga mayi wamasiye. Ndinathamanga patsogolo ndikukuwa kuti asalowe mumpanda, koma iye anali atatsegula kale kachitseko. Ndinatseka maso. Nditatsegula ndinapeza Adzatopa akukwawa chafufumimba, mchira ukusesa pansi, akunyambita nsapato za wansembe uku akulira ngati kamwana kamene kaona amake. Kenaka anagudubuka chagada kuti amukande pamimba.

"Galu wabwino kwambiri, mayi," anatero wansembe akuseka.

Ndinamuyankha kuti zikomo. Ine amene ndinkadzimana mitu ya nsomba, amene ndinasanduka chitsiru cha m'mudzi, amene ndinadana ndi a Mohamedi, galuyu sanandigwedezerepo mchira. Mlendo wangofika ndi nsapato zake, basi wasanduka mbale wake. Wansembe atangochoka ndinapita kwa Stefano. Ndinamupeza akusenda chinangwa choti akaviike.

"Tandiuza, galu uyu munamudyetsa chiyani ku depoti kuja?"

Anaika mpeni pansi.

"Achemwali, galuyo sanabadwe choncho. Anabwera ali kamwana kokwana m'chipewa, kosewera ndi aliyense. Bwana ankakaika m'thumba la mpunga n'kumanga kukamwa. Ndiye ankaitana mmodzi wa ife, amene wamuloza tsikulo, kuti azimenya thumbalo ndi ndodo uku akulankhula Chinyanja mokweza. Kagalu kakalira mpaka mawu kutha, bwana ankatulukira ndi jombo zake, akuimba mluzu, n'kutithamangitsa. Akatero ankamasula thumba n'kukapatsa nyama. Ankati ndi mmene amaphunzitsira galu kudziwa wakuba."

"Wakuba wake uti?"

"Aliyense wosavala nsapato, achemwali."

"Iwe unamenyako?"

"Ndikanakana ndikanadya chiyani?"

Ndinamuyang'ana mlongo wanga, mwana amene ndinkamubereka kumsana mayi athu akapita kudambo. Ndimutukwane iye? Ndimutukwane Sikelo, amene nthawi imeneyo anali akumwa tiyi kwawo? Munthu kukhala pansi, kuganiza mofatsa, n'kupeza njira yoti kanyama kosadziwa kanthu kazidana ndi ife, ndipo ndodo yake n'kutigwiritsa ife tomwe! Ndinabwerera kunyumba mano ali okukutika. Ndinakapeza Adzatopa kunsi kwa nkhokwe, ndipo atandionetsa mano sindinakwiye nayenso.

Kuyambira tsiku limenelo ndinasintha makhalidwe. Matumba onse ndinakawasungitsa kwa Stefano, mpunga n'kumasenza m'madengu. Ine amene mawu anga amamveka mpaka kudooko ndinaphunzira kunong'ona pakhomo panga pomwe. Masana ndinkakhala pafupi ndi nkhokwe nditamufulatira, ndikupeta mpunga, ndikuimba nyimbo za kutchalitchi chapansipansi, osamuyang'ana. Ndinamuponyera nsalu yanga yakutha kuti azigonapo, azolowere fungo langa. Poyamba anaing'amba. Patapita nthawi ndinaona kuti zidutswazo wazisonkhanitsa pamodzi n'kuikapo mutu.

Mvula inagwa, tinawokera mpunga, mpunga unabereka. M'mawa wina ndikupita kudambo kukaingitsa mbalame ndinamva kupuma kumbuyo kwanga. Sindinacheuke. Kachitseko ka mpanda ndinali nditakasiya kosatseka, ndipo iye anali atadumpha kanjira kake kaja yekha, popanda thumba lomupengetsa, akunditsatira chapatali. Kudamboko anaponda matope n'kudabwa nawo, anathamangitsa mpheta mpaka kugwera mumchera, natuluka akuyetsemula. Ndinaseka mpaka misozi, ndekhandekha m'munda. Kuyambira pamenepo tinkapitira limodzi. Ngakhale a Mohamedi anayamba kumuponyera matumbo a nsomba pamwamba pa mpanda, ati si chifukwa cha galu, akungofuna kuti pakhomo pawo pasanunkhe.

Chimodzi chokha chinatsala. Kumugwira sankalola. Ndikatambasula dzanja ankabwerera m'mbuyo, mlomo utakwinyika. Sindinamukakamize, ndinkati nthawi ilipo.

Nthawiyo inatha tsiku limene Kalilu, mesenjala wa ku Boma, analowa m'mudzi ndi chipewa chake chofiira, akuyenda khomo ndi khomo. Anaima kunja kwa mpanda wanga, maso ali kunkhokwe.

"Mayi, ku Mwadzama kwabuka chiwewe. Boma lalamula kuti galu aliyense amangidwe pachingwe. Mzungu wa ziweto akubwera ndi mfuti, ndipo galu amene apezeke womasuka awomberedwa pomwepo."

"Wanga ali mumpanda."

"Lamulo silikunena mpanda, mayi. Likunena chingwe."

"Pamene galuyu ankaola khosi pa unyolo kuseri kwa depoti, Boma lanulo linali kuti?"

"Ine ndangotumidwa, mayi."

Musandimve molakwa, chiwewe si choseweretsa. Ndinaonapo mwana akufa nacho ndipo sindifuna kudzaonanso. Koma galu wanga pakhomo anali wotsekeredwa kuposa mbuzi ya aliyense m'mudzimo, ndipo munthu wamaso akanaona. Vuto linali lakuti lamulo linalibe maso, linkangofuna chingwe m'khosi, m'khosi momwe muja munali chipsera cha unyolo.

A Mohamedi anabwera okha ndi chingwe chimene anadula kukhoka lawo lakale. Anachiponya pamwamba pa mpanda.

"Mumangeni, amake Filipo. Sindimukonda, koma sindifuna kumva mfuti pakhomo pano."

Ndinayesa. Ndinachiviika m'msuzi wa nsomba, ndinachisiya pafupi ndi mbale yake kuti achizolowere, ndinapanga msampha panjira yake. Atangochimva chikukhudza khosi anakuwa kulira kumene sindinamumvepo, anadziombetsa kunsanamira za nkhokwe mpaka kutuluka magazi m'kamwa, n'kuchivula. Amayi odutsa anayamba kunong'onezana kuti mwina chiwewecho ali nacho kale. Uthenga unafika kuti lole ya mzungu wa ziweto yayamba kale midzi ya kumtunda, ndipo ine galu wanga anali adakali wopanda chingwe.

M'pamene Stefano anabwera atakolekera kamtolo kumkono. Anakamasula pakhonde panga. Munali jombo zong'ambika, jekete la khaki ndi chisoti chobooka, zimene Sikelo anataya kudzala iye n'kuzitola.

"Achemwali, ndikavala izi n'kuimba mluzu wa bwana, galuyo agona pansi yekha. Jeketeli likadanunkha fodya wake. Ndimumanga osandiluma."

"Chotsa zonyansazo pakhomo panga!"

"Ndiye mukufuna afe?"

"Chaka chathunthu ndakhala ndikumuchotsa Sikelo m'mutu mwa galuyu, iwe ukufuna kumubwezeramo?"

"Ndi tsiku limodzi lokha, achemwali. Lole ikadutsa timumasula."

Ndinamulalatira mpaka malovu kuuma. Ndinamutchula mayina amene sindingawabwereze pano. Iye anangodikira, chifukwa ankadziwa kuti njira ina ndinalibe. Pomaliza ndinakhala pansi n'kumuuza kuti avale.

Sindidzaiwala mmene ankaonekera, mlongo wanga wakuda bii m'chisoti cha mzungu, jombo zikumukulira, akuyenda modzikweza ngati mwini dziko. Tsiku lina ndikanaseka. Anaimba mluzu, ndipo Adzatopa anatuluka kunsi kwa nkhokwe. Anaima kaye, mphuno ikugwira ntchito, akuoneka kuti sakumvetsa. Kenaka fungo la jekete lija linamufika, anagwa chafufumimba n'kukwawa mpaka pajombo zija. Chingwe chinalowa m'khosi iye osatukula mutu.

Stefano atapita ndinamutengera chakudya. Anandilumphira mpaka pamene chingwe chinathera, mano ali panja, akuuwa monga ankauwira alimi ku depoti. Mbale inandigwa m'manja. Ndinaima pamenepo ndikuyang'ana galu amene dzulo lake ankanditsatira kudambo, ndipo ndinalira ndi mkwiyo.

Lole inafika m'mawa mwake dzuwa litakwera. Inaima kumsewu, ndipo posakhalitsa tinayamba kumva mfuti kumapeto kwa mudzi, kumene agalu ena anali atathawira m'chinangwa. Ndinavala nsalu yanga yatsopano imene Filipo ananditumizira kuchokera ku Halale, kuti mzunguyo aone kuti pakhomopa pali munthu, n'kuima pafupi ndi kachitseko. Stefano anabwera kudzaima nane, a Mohamedi ali pakhonde pawo akusoka ukonde. Adzatopa anali atakhala akutafuna chingwe chija kuyambira dzulo lake, koma chinkaoneka ngati chigwirabe.

Mzunguyo anali wachinyamata, wofiira ndi dzuwa, mfuti ili paphewa, Kalilu ali pambuyo pake. Atangoponda pabwalo jombo zake zinalira pamiyala. Galu anamva. Anakoka kamodzi, chingwe chinaduka, ndipo anabowola mpanda wanga wabango ngati palibe kanthu. Ndinakuwa. Ndinkayembekeza kumva mfuti.

Mfuti sinalire. Mzungu anali atanjuta, akumusisita kumakutu, akulankhula naye Chingerezi mokoma, galu akudzipinda ndi chimwemwe. Womasuka, pabwalo, pamaso pa aliyense, koma lamulo lija linali litaiwalika. Agalu a anzathu amene anangowombera kumene analibe makutu osongoka. Mzungu analankhula, Kalilu n'kumasulira.

"Bwana akufunsa kuti galu wa mtundu uwu mwamutenga kuti."

"Ndinamutola akufa."

"Bwana akuti agalu awa satoledwa. Akufunsa ngati simunamube."

Ndisanatsegule pakamwa, a Mohamedi anaika ukonde pansi n'kuimirira.

"Muuze bwana wakoyo kuti mayiwa sanabe kanthu. Galuyo anabwera pachitseko, nthiti zili panja, khosi likununkha. Ndinaona ndi maso anga, ndipo ine si bwenzi la galu."

Kalilu anamasulira mawu ochepa kuposa amene ananenedwa. Mzungu anagwedeza mutu n'kuyankha akumwetulira, ngati munthu amene akundichitira chifundo.

"Bwana akuti mwachita bwino kumusamala. Akuti galu wotere sayenera kukhala kumudzi, amutenga akakhale kwake ku Boma. Akuti muthokoze kuti sakumuwombera."

"Ndithokoze?"

"Achemwali, khalani chete," Stefano anandinong'oneza. "Bola akhale moyo."

Ndinadziuza kuti bola akhale moyo. Mzungu anatuma Kalilu kulole, ndipo anabwerako atanyamula unyolo, akuukoka pansi.

Adzatopa anaumva asanauone. Mchira unaima. Anayang'ana unyolo, anayang'ana dzanja loyera limene linkaulandira, dzanja lomwe lija linkamusisita. Mzungu atawerama kuti amukoleke, galu anakuwa n'kutembenuka, ndipo dzino linadutsa pachikhatho. Silinali bala loti n'kulitchula bala, nkhuku yanga imajompha kuposa pamenepo. Koma magazi anatuluka.

Sindinamuitane. Anathawa yekha, ndipo sanathawire kunsi kwa nkhokwe kapena m'chinangwa. Anadutsa bwalo lonse n'kudzalowetsa mutu pakati pa maondo anga, akunjenjemera ngati tsiku lija ndinamupatsa madzi. Ndinatsitsa dzanja. Ndinamugwira pamutu, n'kutsika mpaka m'khosi, zala zanga zinapeza chipsera chija pansi pa ubweya, ndipo sanasunthe. Anakanikiza mutu kwambiri.

Mzungu anali atayera nkhope, akufinya chikhatho chake, akulankhula mofulumira.

"Bwana akuti galuyo ali ndi chiwewe," anatero Kalilu. "Akuti chokanipo."

"Alibe chiwewe! Akuopa unyolo! Muuze ayang'ane khosili!"

"Mayi, chokanipo."

"Galu wachiwewe amabisala pamaondo a munthu? Muuze, Kalilu! Uli ndi pakamwa, muuze!"

Kalilu sanamuuze. Mfuti inali itatsika kale paphewa. Ndinakhala pansi n'kumukumbatira galuyo, ndikunena kuti awombere tonse. Amene anandichotsa ndi Stefano, akulira, akundikoka m'khwapa, akuti achemwali akumangani, achemwali akuphani. Kalilu anagwira mkono winawo. Ndinawamenya onse awiri koma anandiposa mphamvu. Adzatopa sanathawe. Anaima pomwe ndinamusiyapo, mfuti osaiyang'ana n'komwe, akuyang'ana ine, ndipo mchira unagwedezeka pang'ono.

Mfuti italira nkhuku zinabalalika.

Mzungu anamanga mpango pachikhatho n'kunena kuti mtembowo upite ku Boma akaupime. Kalilu anathamangira kulole n'kubwerako akukung'untha thumba la mpunga.

Ndinadzuka pamene ndinagwera. Sindikudziwa kuti mphamvu ndinazitenga kuti. Ndinamulanda thumbalo n'kuliponya kutali.

"M'thumba ayi."

"Mayi, bwana akudikira."

"Adikire. Ndati m'thumba ayi."

Ndinavula nsalu ya Filipo ija n'kuiyala pansi. Galuyo anali wolemera, chifukwa ndinamudyetsa bwino, ndipo ndekha ndinalephera kumutukula. Stefano anali atakhala pansi, manja ali kumutu. Amene anabwera ndi a Mohamedi. Anakwinya manja a malaya, nagwira miyendo yakumbuyo ndi manja awo, magazi akuwadonthera, n'kundithandiza kumuika kumsana.

"Ndikasamba," anatero chapansipansi, ngati ndawafunsa.

Ndinamanga nsalu pachifuwa n'kumubereka kudutsa m'mudzi monse mpaka kumsewu. Amene ankaseka tsiku la chitseko lija anali m'makonde mwawo, ndipo palibe amene anasekanso. Ndinamugoneka m'lole ndekha, ndinamufunditsa bwinobwino mpaka kumakutu, lole inanyamuka.

Patapita miyezi Kalilu anadutsanso m'mudzi ndi uthenga wina. Ataona ine anachotsa chipewa, chinthu chimene sankachitira munthu wakumudzi, n'kundiuza kuti atamupima galu uja anapeza kuti chiwewe analibe. Ananena ngati akundipatsa mphatso. Ndinamuuza kuti zimenezo ndinkazidziwa kale iye asanabwere ndi chipewa chakecho, ndipo ndinamufunsa za nsalu yanga. Anati akafunsa ku ofesi. Mpaka lero Boma silinandibwezere.